Ng'ona ili ndi lamulo loiteteza, nanga mwana wa msodzi?

Kodi moyo wa mayi amene wapita kukatunga madzi pagombe la Nkope ndi wa ndalama zingati? Funsoli ndi lowawa kulimva, koma tikulifunsa dala, pakuti malamulo a dziko lino analiyankha kalekale mwakachetechete. Munthu akapha nyama yotetezedwa popanda chilolezo, lamulo lili ndi ndime yake, chindapusa chake ndi zaka zake za kundende. Nyamayo ikapha munthu, lamulo lomwelo limangoti duu. Palibe chipukuta misozi, palibe ofesi imene wamasiye angakagogode ali ndi kalata ya amfumu m'manja. Banja limatsala ndi maliro okha, ndipo nthawi zina amakhala maliro opanda mtembo.

Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Monkey Bay, Nkhudzi, Nkope, Makawa, Namiyasi mpaka ku Mpondasi kumene Shire amatulukira, ndi kutsikira ku Malombe, amaidziwa nyengo ya ng'ona. Ng'ona zazikazi zimakwirira mazira mumchenga dzuwa likafika poswa mtengo, cha mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo zimalondera pamalopo pafupifupi miyezi itatu mpaka ana aswe mvula ikamayamba. Madzi akafunda ng'ona imachangamuka n'kumadya kwambiri. Akada ndi matope a m'mitsinje, simuiona mpaka itafika pamwendo. Mvuu nayo imatuluka usiku kukadya kumtunda, ndipo imodzi yokha imatha kumeza udzu wokwana pafupifupi makilogalamu 40 usiku umodzi. Ikapeza dimba la mpunga kapena la chimanga panjira pake, thukuta la miyezi inayi limatha tambala asanalire. Ikakhala ndi mwana, bwato lililonse lodutsa pafupi imaliona ngati mdani.

Tinene poyambirira, kuti wina asatipotozere mawu: sitikupempha kuti ng'ona ndi mvuu ziphedwe zonse. Nyamazi zinali m'nyanja muno makolo athu asanaseme bwato loyamba, ndipo zidzukulu zathu ziyenera kudzaziona ndi maso awo. Chimene tikufunsa n'chakuti: ngati kusunga nyamazi kukupindulitsa dziko lonse, n'chifukwa chiyani mtengo wake akulipira ndi anthu ochepa okha, amenenso ali osaukitsitsa, ndipo akulipira ndi miyendo, manja ndi ana awo?

Nyama zakutchire ndi za yani? Lamulo la 1992 loona za nkhalango zosungira nyama limanena poyera kuti nyama iliyonse yakutchire m'dziko muno ili m'manja mwa Pulezidenti, m'malo mwa Amalawi onse. Chabwino. Kumudzi kuno ng'ombe yanu ikalowa m'munda mwa mnzanu, nkhani imapita kubwalo la amfumu ndipo mumalipira. Simunganene kuti ng'ombe ilibe nzeru, chifukwa mlandu wa chiweto amasenza ndi mwini wake. Nanga bwanji mwini mvuu salipira? Lamulo limalola munthu kudziteteza nyama ikamuukira, koma akaipha ayenera kukanena msanga, ndipo chikopa ndi mano ake ndi katundu wa boma. Kodi umwini wa boma umadzuka nyama ikafa, n'kugona nyamayo ikapha? Pa chikopa mwini amapezeka, pa bokosi la maliro sapezeka.

Mu 2017 lamuloli linalimbitsidwa, kotero kuti wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Tinaomba m'manja, ndipo kunali koyenera, poti dziko lathu linali litasanduka msewu wa ozembetsa minyanga. Koma aphungu amene anapeza nthawi yowerengera zaka za kundende analephera bwanji kulemba ndime imodzi ya mwana amene bambo ake anatengedwa ndi ng'ona akuonjola machela? Ndipo pamene Lin Yunhua, mzika ya ku China imene inagamulidwa zaka 14 mu 2021 pa milandu yokhudza nyanga za chipembere, anakhululukidwa mu 2025 chilango chisanathe, mlimi wa kwa Nankumba amene amauzidwa kuti asayerekeze kutchera msampha m'dimba mwake anaphunzirapo chiyani? Kodi chifundo cha lamulo chimadziwa njira ya kwa olemera okha?

Mkangano wotere si wathu wokha. Ku Ulaya akhala akukokanakokana zaka zambiri pa nkhani ya mimbulu. Nyamayi inatsala pang'ono kutheratu m'mayiko ambiri kumeneko, koma itatetezedwa inaswana mpaka kupitirira 20,000 m'mayiko a European Union pofika 2023. Oweta nkhosa anayamba kulira, oteteza chilengedwe n'kumati mmbulu usakhudzidwe. Mu Seputembala 2022 mmbulu unapha kavalo wamng'ono wa Ursula von der Leyen, mtsogoleri wa European Commission, kwawo ku Germany. Mu Disembala 2024 mayiko a m'pangano la Bern anagwirizana zochepetsa chitetezo cha mmbulu, kuti kukhale kosavuta kupha ina kumene yachuluka. Kaya kavaloyo ndiye anafulumizitsa nkhaniyi kaya ayi, taonani kusiyana kwake. Kumeneko akukangana pa nkhosa, ndipo m'mayiko ambiri woweta amene nkhosa yake yajiwa amalandira chipukuta misozi, amathandizidwanso ndi ndalama za mpanda ndi za agalu olondera. Kuno tikukamba za anthu. Ngati mayiko olemera avomereza kuti chilombo sichisungika popanda kumvera mlimi, n'chifukwa chiyani msodzi wa ku Malombe akati ng'ona zachuluka amaonedwa ngati mbuli yosadziwa kufunika kwa chilengedwe?

Ife a ku Mangochi nkhaniyi tinaiona kale ndi maso athu. Kumtunda kwathu kuno, m'nkhalango ya Phirilongwe, munali njovu zimene zinkatuluka kukafuna madzi ndi chakudya m'minda ndi m'midzi. Zinapha anthu, zinagumula nkhokwe, ndipo anthu nawo ankabwezera ndi mfuti za gogodela, misampha, misomali ndi poizoni. Mu 2009 boma ndi bungwe la IFAW anasamutsa njovu 83 kupita nazo ku Majete, m'boma la Chikwawa. Ntchitoyo inaima kaye pamene ena anakatenga chiletso kukhoti, ponena kuti njovuzo ndi chuma cha Mangochi, zingomangiridwa mpanda kuti zizikopa alendo. Chiletsocho chitachotsedwa, malole ananyamuka, ndipo m'midzi yambiri anthu anayamba kugona tulo.

Koma funso la anthu aja silinafe: Mangochi inatsala ndi chiyani? Njovu zija lero zikuonedwa ndi alendo olipira madola ku Majete. Mabanja amene anaika abale awo m'manda chifukwa cha njovuzo analandira chiyani? Nanga nkhalango ya Phirilongwe, njovu zitachoka, akuilondera ndani ku nkhwangwa ndi ku mauvuni a makala? Phunziro lake likuwawa mbali zonse ziwiri. Anthu atalira zaka zambiri osamvedwa, zinafika poti tisankhe pakati pa anthu ndi njovu, pamene tikanamva kulirako msanga mwina tikanasunga onse.

Liwonde yationetsa kuti zinthu zimatheka. African Parks itayamba kuyendetsa pakiyi mu 2015, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, inamanga mpanda wamagetsi ndi kuzula misampha ya waya masauzande ambirimbiri. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Akakwiyo anabwezeretsedwa mu 2017, mikango mu 2018, mimbulu yathu yam'tchire mu 2021. Mu 2018 nkhalango ya Mangochi inalowanso m'manja mwa bungweli. Imfa zodza ndi njovu m'midzi yozungulira pakiyi zinatsika, ndipo zimenezi tiyenera kuyamika. Koma mpanda umatchinga njovu, mtsinje sungautchinge. Shire yemweyo amene alendo amayendamo pa boti akujambula mvuu ndi ng'ona zoothera dzuwa, ndi yemwenso amalumikiza Liwonde ndi Malombe, Malombe ndi nyanja yaikulu. Ng'ona siwerenga chikwangwani chonena kuti paki yathera pano. Ikakhala mkati imabweretsa madola. Ikatuluka n'kukagwira mwana pa dooko, udindo umakhala wa yani?

Kusamutsa nyama nako kuli ndi zotsatira zake. Mu 2022 njovu 263 zinachotsedwa ku Liwonde kupita ku Kasungu, mpanda wa pakiyo usanathe. Chichokereni nthawiyo anthu a m'midzi ya ku Kasungu ndi a tsidya lina la malire, ku Zambia, akhala akudandaula za minda yoonongeka ndi abale ophedwa, mpaka ena anapeza maloya a Leigh Day a ku London kuti awaimirire pa madandaulo awo kwa IFAW, yomwe inatenga nawo mbali pa kusamutsako koma ikukana kuti inalakwa. Mlanduwo uli ndi eni ake. Lathu ndi funso: zatheka bwanji kuti mlimi wakumudzi aone kuti London ili pafupi kuposa Lilongwe?

Pa 15 Meyi 2023 mvuu inagubuduza bwato limene munali anthu 37 pa mtsinje wa Shire ku Nsanje. Mwana wa chaka chimodzi anapezeka atamwalira, ndipo apolisi analengeza kuti anthu 23 asowa. Nkhaniyo inamveka mpaka kunja chifukwa anthu anali ambiri nthawi imodzi. Nanga uyu wogwidwa yekha m'bandakucha akutsuka mbale, nanga uyu wodulidwa mwendo, amalembedwa m'buku liti? Chiwerengero cha njovu, zipembere ndi mikango timachimva, poti ndege zimauluka kukaziwerenga. Kodi chiwerengero cha anthu ophedwa ndi ovulazidwa ndi ng'ona ndi mvuu m'boma la Mangochi, gombe ndi gombe, chaka ndi chaka, chimapachikidwa pa bolodi liti kwa DC? Ng'ona za kummwera kwa nyanja ndi za ku Malombe zikawerengedwa, zotsatira zake zimauzidwa kwa yani? Popanda manambala amenewa pamaso pa anthu, msodzi akati zachuluka, wa gemu n'kuti sizinachuluke, onse awiri akungoyankhula za m'mutu.

Tsopano tidzifunse tokha, ife eni nyanja, poti mlandu suli ku Lilongwe kokha. Kodi ng'ona ndi imene yabwera kumudzi, kapena mudzi ndi umene wapita kwa ng'ona? Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi. Bango limene linali malo a ng'ona ndi mvuu, komanso moswanirana nsomba, talidula, talitentha, tamangapo nyumba ndi malo ogona alendo. Madimba tawafikitsa mpaka pamene pamathera mafunde, pa msipu weniweni wa mvuu. Chambo cha ku Malombe, chimene chinkadzaza mabwato m'zaka za m'ma 1980, chinazimirira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makoka a maso aang'ono, kambuzi ndi nkacha atachuluka. Lero tafika pokoka ndi neti zoteteza udzudzu. Nsomba zikachepa ng'ona imatsata zimene zakodwa m'machela, ndipo kumeneko imakumana ndi mwini machela. Munthu amene akugwetsa ukonde nyanja itatsekedwa, n'kukokolola ndi kasawala yemwe, ali ndi pakamwa potani podandaula kuti ng'ona yamung'ambira ukonde?

Amene akuti "ziphedwe basi" atiuze: aphe ndani, zingati, ndipo ndalama ya zikopa ndi mano ilowe m'thumba la yani? Anzathu a ku Zambia anafika pafupi ndi njira imeneyi. Boma lawo linakonza zoti mvuu mpaka 2,000 za mumtsinje wa Luangwa ziphedwe m'zaka zisanu, ndipo mwayi wowombera unkatsatsidwa kwa alenje olemera kudzera ku kampani ya ku South Africa. Nkhaniyo inaimitsidwa mu 2016, inadzukanso mu 2018, n'kufera mu 2019 anthu atafunsa umboni woti mvuu zachulukadi komanso mmene mgwirizanowo unaperekedwera. Mfuti ikalowa mumdima, wopindula sakhala wamasiye wa pagombe. Ndiponso kupha mwachisawawa sikuchotsa ngozi. Ng'ona yaikulu ikachotsedwa pamalo, ina imabwera kudzalowa ufumu, ndipo idzapeza mayi yemwe uja akutunga madzi pamalo pomwepo, nthawi yomweyo, tsiku ndi tsiku. Ng'ona imaloweza chizolowezi cha munthu.

Pali funso lina limene timaopa kulifunsa pasiwa. Ng'ona ikagwira munthu, n'chifukwa chiyani maso athu amathamangira kwa agogo a kumapeto kwa mudzi? Timati ndi yotumidwa, timati ndi yoweta, timati inalumpha anthu asanu n'kusankha mmodzi. Potero banja lina lataya mwana, lina likugwetseredwa nyumba, koma ng'ona ikadali m'bango momwemo kudikira wachitatu. Mantha a ndulu ya ng'ona nawo ndi a mtundu womwewo. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira atamwa phombe pamwambo wa maliro, ndipo mphekesera inati mwathiridwa ndulu ya ng'ona. Akatswiri atapima anapeza kuti inali poizoni yochokera ku tizilombo tomera mu ufa wa chimanga umene unaonongeka ndi madzi osefukira. Mafumu athu, kodi simungaime pamanda n'kunena poyera kuti ng'ona ndi ng'ona, kuti mkwiyo wa anthu ulowere kumene ungabweretse mjigo, m'malo molowera pakhomo pa nkhalamba?

Tikufuna chiyani tsono? Choyamba ndi madzi akumtunda. Mayi salawirira kunyanja chifukwa chokonda mafunde. Amapita chifukwa mjigo uli kutali, kapena unafa, kapena umatulutsa madzi amchere. Pamene Southern Region Water Board inkafuna kumanga thanki paphiri la Nkhudzi, mkati mwa Lake Malawi National Park, kuti madzi a m'mipopi afike m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, magulu ena oteteza chilengedwe anatsutsa mpaka nkhani inafika kukhoti. Nkhawa yawo inali ndi mutu, poti pakiyi, yokhazikitsidwa mu 1980, ili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1984 chifukwa cha mbuna zimene sizipezeka kwina. Koma kodi mawu a mayi woima m'madzi ofika m'mawondo anali ndi kulemera kotani pa sikelo imeneyo? Ntchitoyo inapitirira, ndipo funso latsala kwa a Water Board: mipopi yafika m'midzi ingati, nanga mtengo wolumikizira ndi wa pa kiyosiki ndi woti mayi woyanika usipa pathandala angaukwanitse? Mpopi umodzi pakati pa mudzi umatchinjiriza ana ku ng'ona, ku likodzo ndi ku kolera imene inatiliza mu 2022 ndi 2023.

Komabe anthu a kunyanja sadzasiya kusamba ndi kuchapa m'nyanja. Nanga bwanji osawatchingira malo? Ku Sri Lanka anthu akhala akumanga mipanda ya mitengo kapena ya waya m'mphepete mwa mitsinje, n'kumasamba ndi kuchapa mkati mwake. Ku Namibia achitanso chimodzimodzi m'mitsinje ya kumpoto kwa dzikolo. Mpanda wotere umafuna kuusamala, pakuti mafunde a mwera amaugwedeza, ndipo nyanja ikakwera, monga inachitira mu 2024 mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, uyenera kusunthidwa. Koma komiti za pagombe zilipo kale, ndipo mafumu alipo. Kodi m'thumba la chitukuko cha m'dera, limene aphungu ndi makhansala amalimbirana chaka ndi chaka, mulibe ndalama ya mapaipi ndi waya wa dooko limodzi pa mudzi uliwonse umene ng'ona inagwirapo munthu?

Nanga ng'ona ikazolowera gombe lina, n'kuyamba ndi galu, kenako mbuzi, mudzi uimbire foni kwa yani? Aliyense amadziwa chimene chimatsatira mbuzi. Agemu ali ndi mphamvu yochotsa kapena kupha nyama imene yasanduka chiopsezo kwa anthu, ndipo amachita zimenezi. Ntchito yawo ndi yoika moyo pachiswe, ndipo sitikuwanyoza. Koma kodi amene amagawa bajeti anayamba awerengapo kuti ndi agemu angati, maboti angati ndi mafuta ochuluka bwanji amene akufunika pa gombe lochokera ku Chembe kukafika ku Makanjira? Bwanji pasakhale nambala imodzi yaulere yodziwika kwa mwana aliyense wasukulu, ndi lonjezo lolembedwa la masiku amene agemu ayenera kukhala atafika? Mlenje wobwera maliro ataikidwa kale amangotsimikizira anthu kuti ayenera kudzithandiza okha, ndipo kudzithandiza kwake ndi poizoni wothiridwa pa nyama yakufa, amene amapha ndi nkhwazi zomwe.

Tibwerenso pa chipukuta misozi. Ku Kenya, lamulo la 2013 linaika ndalama zokwana mashilingi 5 miliyoni kwa banja la munthu wophedwa ndi nyama yakutchire. N'zoona kuti boma la kumeneko limachedwa kulipira ndipo ngongole zaunjikana, koma wamasiye wa ku Kenya ali ndi lamulo loti aligwire. Namibia nayo ili ndi ndondomeko yothandizira pamaliro, paziweto ndi pambewu zoonongeka. Akuluakulu athu amati boma lilibe ndalama, amatinso anthu adzayamba kunama. Kodi munthu anganame bwanji mwendo umene palibe? Kalata ya amfumu, lipoti la chipatala ndi la polisi sizokwanira kutsimikiza imfa? Ngati sitingafike pa mamiliyoni a ku Kenya, bwanji osayamba ndi zimene tingathe: bokosi ndi chakudya cha pamaliro, mankhwala ndi mwendo woikirira kwa wovulala, fizi ya ana amasiye mpaka folomu 4? Ndalama zake zichokere ku gawo la zolipira pageti la mapaki, ku msonkho wa zokopa alendo ndi ku zindapusa za ozembetsa minyanga. Nyama zimene zimabweretsa ndalama zilipire mlandu wa nyama zinzawo.

Kodi ng'ona ingakhale chuma cha mudzi? Ku Kariba, m'dziko la Zimbabwe, mafamu a ng'ona amagulitsa zikopa ku Ulaya kumene amasokera zikwama zodula. Kwathu konkuno ku Salima kulinso famu ya ng'ona, ndipo pangano la CITES limalola Malawi kugulitsa zikopa motsata malamulo. Ngati mazira ena atatoledwa ndi chilolezo, mudzi n'kulandirapo kenakake, munthu amene lero amaswa mazira ndi khasu sangasanduke mlonda wa chisa? Ngati ng'ona yovuta yaphedwa ndi agemu, bwanji ndalama ya chikopa chake isapite kwa banja limene yalivulaza? Timamvanso kuti magawo 25 pa 100 alionse a ndalama zimene mapaki a boma amatolera ayenera kubwerera kwa anthu ozungulira. Mavenda a nsomba ku Nkhudzi ndi ku Msaka akudziwa kuti chaka chatha zinabwera zingati ndipo zinagwira ntchito yanji? Munthu sasamala chinthu chimene kwa iye chimangobweretsa maliro.

Kwa mabungwe oteteza chilengedwe ndi eni malo ogona alendo tili ndi mawu awa. Ntchito yanu yabwezeretsa nyama zimene tinazitaya, yalembanso ana athu ntchito. Koma pa zithunzi zanu zokongola za mvuu yoyasamula dzuwa likamalowa, munthu wa pagombe ali pati? Munatha kupeza ndege, malole ndi madokotala onyamulira njovu mtunda wa makilomita mazanamazana. Kodi kukumba mjigo ndi kuzika mpanda wa waya pa dooko n'kovuta kuposa kukweza njovu m'lole? Inu a malo ogona alendo amene munatchinga magombe a mchenga woyera, osavuta kuonapo ng'ona ikamabwera, n'kusiyira mudzi dooko la m'bango, munawerengapo mtengo wa mpanda wanuwo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: tsiku limene ng'ona idzagwire mlendo wolipira madola, boti la agemu lidzafika lisanalowe dzuwa, ndipo mudzi wonse udzaona kusiyanako.

Pamene tikudikira mayankho, makolo tisataye udindo umene uli m'manja mwathu. Ana asasambe m'bandakucha kapena chisisira. Matumbo a nsomba asatayidwe pamalo potungira madzi. Potunga tisalowe m'madzi ngati chidebe cha chingwe chingafike, ndipo tisamapite tokhatokha. Msodzi akaona mvuu ya mwana akhotetse bwato msanga, ngakhale nsomba zili komweko. Bango lotsala tilisiye, madimba tiwabweze m'mbuyo pang'ono kuchoka pamadzi.

Aphungu a Mangochi, a Machinga, a Salima, a Nkhotakota, a Chikwawa ndi a Nsanje, anthu amene akujiwa ndi amene anakuvoterani. Mulipo okwanira kubweretsa m'Nyumba ya Malamulo kusintha kwa lamulo la nyama zakutchire, kuti mukhale ndime ya chipukuta misozi, thumba lake la ndalama, ndi udindo wa boma wolengeza chaka chilichonse chiwerengero cha ophedwa ndi ovulazidwa. Musadikire kuti bwato lina la anthu 37 ligubuduzike. Dziko limene latha kuteteza nyama zake ndi zaka 30 za kundende lingathenso kuteteza anthu amene akukhala nazo, ndipo likapanda kutero, anthuwo adzazitha nyamazo mwamseri. Nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano ukubwerawu wa Nyumba ya Malamulo.